Chipinda Chakutsogolo kwa Mayi Adzovi

Pa Dzemeni, tauni yathu ya m'mbali mwa nyanja, panalibe amene sankawadziwa a Gameli, wometa uja wa dazi. Eya, wometa wopanda tsitsi, sekani tipitirize. Ine ndinakhala nawo mpanda umodzi kwa Mayi Adzovi, iwo kutsogolo, ine kuseri komwe ndimawambira nsomba zanga. Tonse tinali a lendi, koma iwo ndiwo anatola chipinda chenicheni: chitseko chachikulu choyang'ana msewu wopita kudoko, mazenera awiri, pansi posalala ngati mbale. Changa ine ukatsegula zenera umapatsana moni ndi mbuzi.

Koma chabwino chili chonse chimakhala ndi mchira. Tsiku lolowa, Mayi Adzovi anawauza mosapsatira kuti chipindacho n'cha banja, ndipo wa pabanjapo akamwalira ndi momwemo amagonekedwa kuti anthu adzamuone nkhope. Wa lendi amatulutsa katundu yense, makoma apakidwe penti, apachike nsalu zoyera, ndipo amabwereramo maliro akatha. A Gameli anavomera uku akumwetulira. Anali asanaone kuchuluka kwa nkhalamba za pabanjapo.

Maliro oyamba sanachedwe. Bambowo anatulutsa bedi, mpando wometera, magalasi ndi wayilesi, n'kukaunjika pakhonde langa pafupi ndi uvuni wowambira nsomba. Maliro a kuno mukuwadziwa, satha lero ndi mawa. Mvula inanyowetsa matiresi, ana anaswa galasi lalikulu, malaya awo ananunkha nsomba mpaka ometetsa anayamba kufunsa ngati asintha ntchito. Ndiye mlandu wa fungolo unagwera ine, ngati ndine ndinapha munthuyo.

Kuyambira pamenepo a Gameli anasanduka dokotala wa banja la eni ake. Nkhalamba ikangoti kho, iwo ali kale pakhomo ndi madzi otentha a mandimu. A Kpodo, malume a Mayi Adzovi, msodzi wakale amene kachasu ankamutcha mankhwala a m'maso, anayamba kusowa mabotolo awo, osadziwa kuti ali pansi pa mpando wometera. Tsiku la msika boti likadzaza mpaka madzi kufika pamlomo, a Gameli ankapita kudoko kukatsitsamo azakhali a banjalo pamodzi ndi zilazi zawo, azakhaliwo akutukwana njira yonse. Mayi Adzovi ndiwo anazionadi. Atangomva kuti magazi awo akuthamanga, a Gameli anawaletsa mchere, ndipo ankachita kulawa ndiwo zawo asanadye.

Tauni yonse inkawatama. Abusa mpaka anawatchula pa ulaliki ngati chitsanzo cha chikondi cha pa mnansi. Ine kumbuyo kwa tchalitchi ndinachita kuluma mpango kuti ndisaseke. Pobwerera ndinawauza a Gameli.

“Achimwene, inu simukonda anthu. Mumakonda chitseko chija.”

“Nanga chitsekocho chapha ndani, achemwali? Taonani a Kpodo, akudumpha ngati mwana wa mbuzi.”

Zinali zoona ndithu. Nkhalamba za kwa Mayi Adzovi zinkakana kufa, moti wokhoma mabokosi wa pamsika anasiya kuwapatsa moni a Gameli.

Komabe imfa siimva mandimu. Inkabwera ndithu, mwa apo ndi apo, ndipo bedi linkatuluka, n'kubwerera, n'kutulukanso, mpaka miyendo yake inayamba kugwedera. Pa maliro ena, masana dzuwa likuswa mtengo, ndinawapeza a Gameli atakhala pa mtolo wa zovala akuyang'ana kunyanja, kuja kumene nsonga za mitengo youma zimatulukira m'madzi. Anandiuza kuti kwawo n'kumeneko. Madzi a damu anameza mudzi wawo iwo ali mwana, abale anamwazikana m'malole, ndipo manda a makolo awo ndi amene asodzi amakolapo maukonde. Mkazi wawo anamwalira kalekale, mwana analibe.

“Anthu awa ndimawasamukira kuti agone bwino,” anatero. “Nanga ine adzandisamukira ndani?”

Ndinawakalipira kuti asiye kulodza tsiku, koma sindinama, mtima unandiwawa. Ndinawapatsa nsomba yaikulu, iwo n'kudandaula kuti yapserera.

Zaka zinapita, ndipo amene anayamba kufooka anali dokotala yemwe uja. Ankatsokomola, osamwa mandimu, ati alibe nthawi. Tsiku lina la msika anameta munthu mbali imodzi, n'kukhala pansi kuti apume pang'ono. Pofika nawo kuchipatala n'kuti zitatha. Nkhalamba zambiri zimene ankazilera zinali zidakali zamoyo, zina zikudya zilazi pakhonde.

Sedem, mwana wa Mayi Adzovi wokhala ku Accra, anatulukira msangamsanga, osati chifukwa cha chisoni ayi. Chipindacho ankachisirira kalekale kuti atsegulemo sitolo ya mafoni. Pa msonkhano wa banja ananena kuti wa lendi ndi wa lendi, chipinda chija n'cha amagazi a pabanjapo, ndipo malemuyo akhoza kugonekedwa pansi pa tenti m'mbali mwa msewu, a khonsolo n'kukamuika. Mwambo unali kumbali yake, palibe akanatsutsa. Ine ndinkamvetsera kuseri kwa uvuni, nsomba zikupserera, nditakwiya koopsa. Koma wa lendi alibe pakamwa pa msonkhano wa eni nyumba.

Mawu omaliza anali a Mayi Adzovi. Mayi amenewa sindinawamvepo akunena chabwino cha a Gameli, tsiku lililonse ankawatcha mfiti ya mchere. Atatsegula pakamwa anangolamula kuti katundu wa munthuyo atuluke.

Poganiza kuti wapambana, Sedem anachita kuvula jekete, n'kunyamula yekha bedi lija. Mpando, magalasi, wayilesi, ngakhale mabotolo a a Kpodo amene anapezeka atandandalika pansi pa mpando, zonse zinabwera pakhonde langa monga mwa masiku onse. Chipinda chitayera, mayi aja analowa ndi ndodo yawo, n'kuyang'ana makoma.

“Tsopano pakani penti. Ndipo mukatenge nsalu zoyera zija ndinasungira maliro anga.”

“Amayi, munthu ameneyu si wathu.”

“Si wathu? Munthu wandidyetsa ndiwo zopanda mchere zaka zonsezi m'nyumba mwanga momwe? Ndi mlendo uti angakuchite nkhanza zotere? Zimenezi amachita ndi m'bale.”

Sedem anapaka pentiyo yekha, nkhope ili gwa.

Anawagoneka momwemo, chitseko chachikulu chili chotsegula, dazi lawo likuwala pakati pa nsalu za Mayi Adzovi. Anthu anachokera kudoko, kumsika, ngakhale tsidya la nyanja. Bambo uja anametedwa mbali imodzi anabwera choncho osakonzetsa. A Kpodo analedzera mwaufulu kwa nthawi yoyamba pa zaka zambiri, koma ankamwa uku akulira, ati kachasu wopanda womubisa sakoma.

Kumasana mvula inayamba kuwaza, ine n'kuthamanga kukaphimba matiresi awo ndi pepala la pulasitiki, n'kusuntha magalasi kuti ana asaswe. Nditamaliza ndinaima pamenepo ngati chitsiru, ndikudikira kuti wina adandaule za fungo la nsomba. Kanali koyamba kuti m'chipinda chija mukhale maliro, koma a Gameli osasamuka.