Mawu Amene Ndinaika pa Batani Lofiira

Sindinayatsepo machesi m'nkhalango ya paini, koma kuphiri la Zomba kuli bambo wina amene manja awo anapsa chifukwa cha ine. Ndinawawotcha ndi mizere itatu yokha imene ndinalemba nditapsa mtima. Inu owerenga, makamaka inu amene ntchito yanu ndi kulembera anzanu malangizo, ndimvereni, chifukwa nkhaniyi yanditopetsa kuisenza ndekha.

Nditamaliza maphunziro ku Chirunga ndinakhala ku Chinamwali chaka chathunthu, nsapato zikutha ndi kusaka ntchito. Kenako ndinalembedwa pa kampani ina yodzala ndi kucheka mitengo ya paini kuphiri. Kampaniyo inali itapanga pulogalamu ya pafoni yoti alonda a nkhalango azidziwitsira ofesi moto ukabuka. Wopanga pulogalamuyo anali mnzanga wa mu ofesi momwemo, Yamikani. Ine yanga inali kulemba kabuku ka malangizo m'Chichewa, komanso timawu tonse timene timaoneka pafoni munthu akadina chinachake. Batani lalikulu linali lofiira. Mlonda akalidina, kompyuta ya ku ofesi m'tauni inkalira n'kusonyeza pa mapu pamene iye waima, ndipo lole ya ozimitsa moto inkanyamuka nthawi yomweyo.

Kabuku koyamba ndinakalemba ngati ndikulankhula ndi amalume anga. Pa tsamba la moto ndinangoti: "Mukaona utsi, dinani batani lofiira. Musadikire. Ife tibwera." Basi.

Tsiku lophunzitsa alonda ndi pamene ndinadziwana ndi bambo Makwinja, mlonda wa pa nsanja ya kuseri kwa phiri, kumene munthu ali m'tauni sangakuone. Anali bambo wachikulire, waimvi, magalasi awo omanga ndi ulusi. Anzawo ali kalikiliki kujambulana ndi mafoni atsopanowo, iwo ankawerenga kabukuko mzere ndi mzere, chala chikutsata, milomo ikuyenda. Atamaliza anakaika m'jumbo ya shuga kuopa mvula. Anandiuza kuti zaka zonse zimene agwira ntchito sanaitanidweko ku ofesi ndi mlandu, ndipo analankhula zimenezo monyadira. Kwa anthu ngati iwo pepala lochokera ku ofesi silikambirana ndi munthu. Limalamula.

Mavuto anayamba sabata yachiwiri. Lole inakwera phiri kanayi pachabe. Kawiri unali utsi wa owotcha makala kumunsi, kamodzi anthu osaka mbewa m'munda, ndipo kamodzi foni inangodinika m'thumba la mlonda wina. Bwana wathu anakwiya koopsa. Pamsonkhano wa Lolemba ananyamula kabuku kanga ndi zala ziwiri, n'kufunsa pamaso pa anthu onse kuti, "Kodi ili ndi buku la malangizo kapena kalata ya chibwenzi?" Anthu anaseka. Ngakhale dalaivala wa lole anaseka mpaka kutsokomola.

Ine ndili ndi mtima wapachala, sindibisa. Ndinatuluka mumsonkhanomo makutu akutentha, ndinakhala pa kompyuta, ndipo ndisanamwe ndi madzi omwe ndinalembanso tsamba lija, zilembo zikuluzikulu:

"CHENJEZO! Batani lofiira si choseweretsa. N'koletsedwa kulidina musanatsimikize ndi maso anu kuti moto ulipo. Wodina mwachisawawa adzayankha yekha ku ofesi."

Sindinalekere pomwepo ayi. Ndinauza Yamikani kuti munthu akadina batanilo pazibwera kaye funso loti, "Mwatsimikiza? Dzina lanu lilembedwa." Yamikani anawerenga, anandiyang'ana, n'kunena kuti, "Achemwali, awatu ndi mawu a kukhoti. Anthu aja aziopa." Ndinamuyankha kuti aziopa kumene, ndiye cholinga chake, iye azingopanga mabatani akewo, za mawu asiyire eni ake. Inu owerenga, mudziwe chinthu chimodzi. Panalibe chilango chilichonse chimene kampani inakhazikitsa. Za kuyankha ku ofesizo ndinazipeka ine, kufuna kuti mawu alume. Ukali umene bwana anandithira ine ndinautenga wonse n'kukawuthira anthu amene sanandilakwire.

Ndipo zinagwira. Milungu inadutsa kompyuta osalira. Bwana anandiyamikira, ine n'kumayenda mapewa m'mwamba, kumamuseka Yamikani kuti waona, munthu amamva ukamukalipira.

Tsikulo linali la mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mphepo youma ikuwomba kuyambira m'mawa. Cha m'ma 11 koloko Yamikani anandiitana ndi mawu otsika, kuti ndibwere ndidzaone. Pulogalamuyo inkasunga chilichonse chimene mlonda wachita pafoni. Zinkaoneka kuti bambo Makwinja anadina batani lofiira, funso langa lija linabwera, iwo anabwerera. Patapita mphindi ziwiri anadinanso, anabwereranso. Kachitatu chimodzimodzi. Kenako kadontho kosonyeza pamene ali kanayamba kuyenda pa mapu, kuchoka pa nsanja kutsikira kuchigwa chimene chili pakati pa mitengo ikuluikulu.

Ndinadziwa pompo chimene chikuchitika. Anali ataona utsi. Ankapita kukatsimikiza ndi maso awo, monga ndinawalamulira.

Ndinawaimbira. Foni inaitana kamodzi n'kuduka. Ndinaimbanso, sinapezeke, chifukwa m'chigwa muja netiweki imavuta. Kadontho kaja kanaima pamalo amodzi, osasunthanso. Ndinathamangira mu ofesi ya bwana osagogoda n'komwe, kuwapempha kuti atumize lole. Anandifunsa ngati kompyuta yalira. Ndinati ayi. Anandifunsa ngati pali amene wauona motowo. Ndinati ayi, koma ndikudziwa. Iwo anatsegula kabati, anatulutsa kabuku kanga katsopano, n'kunditsegulira tsamba lomwe lija. Anati lole siyenda ndi maloto, ndipo amene analemba zimenezo ndine. Mawu anga omwe anali atanditsekera chitseko.

Ndinabwerera pa kompyuta. Mphindi khumi. Makumi awiri. Yamikani anayesa kuimbira mlonda wa nsanja ina, koma uyo anati kuli chifunga cha kutentha, sakuona bwino, ndipo nayenso sangadine chinthu asanatsimikize. Ndinamva mawu amenewo n'kudziluma mlomo mpaka magazi. Ndinapemphera, ine amene ndinali nditasiya kalekale kupita ku tchalitchi. Ndinkangoti Ambuye, akhale makala, akhale makala.

Itadutsa 12 koloko kompyuta inalira. Kadontho kanali katasuntha pang'ono, kukwera mbali ina ya chigwa. Anali atapeza pogwira netiweki, ndipo anali atayankha funso langa kuti inde, atsimikiza.

Ndinakwera nawo lole popanda wondiuza. Msewu wokwera phiri uja ndi wokhotakhota, simungathamange, ndipo tsiku limenelo unali ngati sukutha. Amayi ogulitsa zipatso m'mbali mwa msewu anali ataimirira onse, akuloza kumwamba. Titafika pamwamba n'kukhotera kuseri, kumwamba kunali bii, dzuwa lofiira ngati khala. Inu owerenga, ngati simunamvepo paini akupsa, thokozani Mulungu. Amalira ngati lole zambiri zikudutsa pamodzi, ndipo masamba ouma apansi aja amayaka msanga kuposa munthu wothamanga. Mphepo inali itatembenuka. Moto unali utadutsa kale pamene kadontho kanatisonyeza.

Amuna anatsika ndi zozimitsira zawo. Ine ndinkangokuwa dzina la bambo Makwinja mpaka mawu anasasa, utsi ukundikanda kukhosi. Anawapeza patapita pafupifupi ola, m'kamtsinje kamene kanali katatsala madzi pang'ono, atagona pakati pa miyala iwiri. Anali moyo. Msana unali utapsa, koma manja ndiwo anali oopsa, chifukwa anadzitchinga nawo kumaso pothawa. Foni ya kampani anali ataikulunga m'malaya n'kuigonera. Inalibe ndi chikande chomwe.

Anakhala m'chipatala miyezi iwiri. Masiku oyamba sindinathe kulowa m'chipinda chawo, ndinkangofika pakhomo, kupereka kanthu kwa mayi Makwinja, n'kubwerera. Tsiku limene ndinalimba mtima ndinawapeza atagona chafufumimba, manja onse awiri ali m'mabandeji. Atandizindikira anayesa kudzuka kuti andipatse ulemu. Ndisanatsegule pakamwa, iwo ndi amene anayamba.

"Pepani madamu, ndinachedwa kudina. Utsi ndinauona msanga, koma ndimati mwina ndi amakala aja. Ndimaopa kulakwira buku." Anapuma pang'ono, n'kufunsa kuti, "Kodi andiitana ku ofesi?"

Ndinatuluka kukalirira panja.

Manyazi anga ena ndi awa. Lipoti la kampani litalembedwa linati mlonda anachoka pa nsanja yake, ndipo ine ndinaliwerenga n'kukhala chete masiku asanu, kuopa ntchito. Yamikani sanandinene, koma anasiya kundilankhula, ndipo kukhala chete kwakeko kunandipweteka kuposa kutukwanidwa. Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinasindikiza pepala losonyeza katatu kaja anadina n'kubwerera, ndinaliika pa tebulo la bwana pamodzi ndi tsamba langa, n'kunena kuti amene anawachotsa pa nsanja ndine. Lipoti linasinthidwa. Funso lija tinalichotsa, kabuku tinakalembanso. Koma zala za bambo Makwinja zinapola zitapindika. Sangagwire chikwanje, sangakwere nsanja, ngakhale kumanga mabatani a malaya amachita kuwamangira mayi.

Atatuluka m'chipatala ndinapita kwawo kumudzi wa m'munsi mwa phiri. Kabuku ka malangizo sikakhala ndi dzina la wolemba, ndiye iwo sankadziwa. Ndinagwada pakhonde, mayi ali pomwepo, n'kuwauza zonse, kuti mawu aja sanachokere kwa bwana kapena kwa akuluakulu ena, ndinalemba ndine, ndi manja angawa, nditakwiya. Bambo Makwinja anapukusa mutu.

"Ayi madamu, musadzinamizire. Ine ndimakudziwani. Inu simungalankhule choncho ndi munthu wamkulu."

Ndinalumbira, ndinabwereza, koma sanandikhulupirire. Mayi okha ndi amene anamva, ndipo anadzuka n'kulowa m'nyumba.

Ndiye inu amene mumalemba malangizo a mapulogalamu, a makina, a mankhwala, kaya a chiyani, musamalembe mtima uli pamoto. Amene wakukwiyitsani si amene adzawerenge. Adzawerenga ndi munthu amene ali yekhayekha, wamantha, zinthu zitamuthina, wopanda womufunsa kuti kodi apa akutanthauza zoona kapena akungoopseza. Osamvera aja chenjezo lanu sadzaliwerenga n'komwe. Lidzagwera womvera, amene amatenga liwu lililonse monga lilili. Muuzeni chochita, mwachidule, ndipo muuzeninso kuti akalakwitsa palibe mlandu. Musaike chilango chimene kulibe pofuna kuti mawu amveke amphamvu. Mukamaliza kulemba, werengani mokweza, muyerekeze kuti mwaima pamaso pa bambo anu okubalani. Ngati pakamwa panu pakukana, fufutani.

Bambo Makwinja anandiyesa munthu wabwino kuposa mawu anga, ndipo mpaka lero ndikakawaona amandilandira ndi manja awiri opindika aja. Ine amene ndimadziwa chimene ndinalemba, ndimalephera kuwayang'ana.