Kalata Yanga Yabodza Inali Yotchipa

Moni nonse. Musanamve kwa amayi, wayambitsa ndine.

M'mawa ndasindikiza kalata yabodza ya inshuwalansi ya galimoto, imene boma limakakamiza ija, yonena kuti mtengo wakwera kawiri, n'kuiponya m'bokosi lathu la makalata kuti ndiwapusitse adadi. Adadi atangoitsegula aseka: "Iwe Yamikani, ndi ofesi iti kuno ku Maryland ingalembe 'Dear a Gondwe'?" Dzanja langa linakana kulemba dzina lawo popanda ulemu.

Pansi pake panali envulopu ina. Andiponyera: "Werenga bodza lako lachiwirilo."

Abale, iyi inalibe "a". Inali yeniyeni, ndipo mtengo wake ukuposa wabodza uja. Chifukwa chake achilemba poyera: pakhomo pali dalaivala watsopano. Ineyo.

Amayi angokhala pansi ali m'yunifolomu. Galimoto imeneyi ndi imene imawafikitsa kwa odwala awo ku Manassas, ndipo popanda inshuwalansi singayende.

Adadi aimba foni pomwepo n'kundichotsa pa inshuwalansiyo, makiyi alandanso. Ndabwerera pa basi, momwe ndimagona mpaka kusukulu popanda wondiimbira huta.

Koma weruzani inuyo, woyenera chilango ndani? Mtengo wanga ndiye unali wachifundo.