Batani Lopanda Dzina

Ndinadzuka kunja kusanayere, msana utauma ndi mphasa. M'nyumba ya siwa amayi a mpingo anali atasasa mawu, koma ankakokabe nyimbo pang'onopang'ono kuti maliro asakhale okha. Panja azibambo anali atazungulira chitsa chomwe chinafuka usiku wonse. Bokosi la amayi anga linali pakati pa chipinda, ndipo mtima wanga unali kwa achimwene.

Tinabadwa awiri. Achimwene anasiya kuona ali mwana, ndipo pano amaphunzitsa ku Mzuzu. Foni yawo imalankhula: akayendetsa chala pagalasi, imawawerengera zonse zolembedwa, mwaliwiro loti ine sinditolapo kanthu. Uthenga wa maliro utawapeza anapempha chinthu chimodzi chokha: "Musatseke bokosi ndisanafike. Ndikufuna ndigwire nkhope ya amayi."

Foni yanga inagona ku Chiringa kotchajitsa, ndipo alamu anga anabwera nayo m'bandakucha. Nditayatsa ndinapeza kuti achimwene anandiimbira kambirimbiri. Ndinathamangira pachulu cha kuseri kwa khola, pomwe pamagwira netiweki. Nditawaimbira anayankha msanga, koma anali adakali ku Mzuzu.

Dzulo lakelo anapita ku depoti. Mabasi ena anali atadzaza. Yomwe inali ndi malo inali ya kampani ina, ndipo wa pawindo anawauza kuti matikiti a usiku amagulidwa pa webusaiti pokha, n'kutseka windolo. Achimwene anakhala pabenchi n'kuyamba ntchito. Dzina analemba bwinobwino. Atafika posankha mpando, foni inangoti "chithunzi". M'munsi mwake inkangoti "batani, batani, batani", osanena kuti ndi la chiyani. Anadina limodzi, linafufuta zonse. Anayambiranso. Anasintha pulogalamu yotsegulira intaneti, anazimitsa foni n'kuiyatsanso, anayesa batani lililonse palokha. Atadutsa pamenepo, tsambalo linawauza kuti asankhe zithunzi zomwe zili ndi njinga, atsimikize kuti ndi munthu. Munthu woti amayi ake ali m'bokosi! Pomwe ankapeza wowathandiza, n'kuti tsambalo litalanda kale mpandowo, ati nthawi yatha. Basi inanyamuka akuimva.

Ndinatsegula tsambalo ndili pachulu pomwepo. Batani lomwe analisaka madzulo onse linali kachithunzi ka basi kobiriwira, kopanda liwu ndi limodzi lomwe. Chala changa chinalipeza ndisanameze n'komwe malovu, ndipo ndinawagulira tikiti ya m'mawa. Achimwene anati okonza tsambalo akanangolembera batanilo dzina kuseri kwake, foni ikanawerenga, ndipo ndi ntchito yoti imatha tiyi asanazizire. Anawalemberapo kalekale za vutoli, koma sanayankhidwe. Ndinatsika pachulupo n'kubwerera kusiwa.

Dzuwa likutuluka, mafuwa anali atayalidwa kale pansi pa mango. Amayi ena ankatula nkhuni za ku phiri la Michesi, ena akusankha nandolo, utsi uli tolotolo. Anthu anafika pa njinga kuchokera ku Nazombe ndi ku Chiringa, ena wapansi kuchokera kutsidya kwa malire, ndipo njinga zinatsamira mpanda wonse. Kenako adzukulu anabwerako, matope ali m'maondo, kudzanena kuti manda atha.

Ndinapita kwa amalume, omwe ndiwo eni mbumba, n'kugwada. Ndinapempha kuti tiike mawa. Anandiyang'ana, n'kuyang'ananso mitambo yomwe inkada pamwamba pa phiri. "Mwananga, manda okumba sagona. Komanso kutenthaku, mayi ako sangadikire." Sindinawatsutse, chifukwa zinali zoona.

Chomwe chinandipsetsa mtima ndi za kumafuwa. Mayi wina ankauza anzake kuti a m'tauni ndi choncho, maliro a kwawo amawaona ngati a eni. Wina anati munthu wosaona akanangokhala, ulendo suli wake. Achimwene amenewo amayenda okha ndi ndodo yawo kuyambira ndili pasukulu, ndipo njira ya kuno sanaisocherepo. Sanalephere ulendo. Anatsekeredwa panja ndi munthu wa maso ake awiri, amene anajambula kabasi kokongola n'kupita kukadya nkhomaliro. Ndinafuna kuwayankha amayi aja, koma pamaliro a mayi ako sukangana ndi okuphikira.

Masana mwambo wa mapemphero utatha, anatsegula bokosi kuti anthu aone nkhope. Mzere unali wautali. Munadutsa ngakhale anthu omwe sanapondepo pakhomo pathu amayi akudwala, aliyense kusuzumira kamodzi n'kupitirira. Ine ndinaima kumutu, dzanja lili pachivundikiro, ndikuzengereza dala. Ndinapempha kwaya ibwereze nyimbo, ndipo inabwereza. Ndinatuluka kukaimbira achimwene, ndipo anali asanafike ndi pa Ntcheu pomwe. Pobwerera ndinapeza akulu a mpingo akundidikira. Ndinachotsa dzanja langa, ndipo anakhoma.

Mvula inatipeza m'njira ya kumanda. Tinadutsa pakati pa minda ya chimanga, onyamula bokosi akuterereka n'kumasinthana. Poika nkhata anaitana ana a malemu, kuyambira wamkulu. Dzina la achimwene linatchulidwa kawiri, anthu akucheukacheuka. Ndinanyamula nkhata zonse ziwiri ndekha, ndipo ndinalira ndi mkwiyo kuposa chisoni.

Achimwene anafika mdima utagwa, pa kabaza, thalauza litanyowa. Khamu linali litabalalika, moto wa kumafuwa utasanduka phulusa. Achibale ochepa otsala anali pakhonde. Achimwene anagogoda ndodo yawo pachitseko monga amachitira nthawi zonse, n'kulowa. Anayenda mpaka pakati pa chipinda, ndodo ikufufuza, koma inangopeza mphasa.

Anakhala pansi, ine n'kukhala pambali pawo. Patapita nthawi anati, "Achemwali, anthu amati inu munatengera amayi."

Ndinati eya, amatero.

"Senderani kuno."

Ndinasendera. Zala zawo zinali zozizira ndi mvula. Zinayambira pamphumi, n'kutsika pang'onopang'ono m'masaya mwanga, ndipo ine ndinatseka maso n'kukhala osagwedezeka mpaka anamaliza.