Nkhuni za Katsumi Zinatsala Kutsidya

Katsumi Horiuchi sankatha kudya atakhala pansi. Masana tikazimitsa macheka n'kuzungulira mgolo wa moto, iye ankadya choimirira, mbulu wa mpunga kudzanja lino, tupa kudzanja linalo, akupita uku ndi uku mpaka chipale chofewa chimene ankapondapo chinkasanduka phala.

"Khala pansi Katsu, ukutichititsa chizungulire," ankatero a Tamotsu, amene anali aakulu pa atatufe.

"Ndikakhala, matako azizira."

"Nanga moto uwu tasonkhera nkhandwe?"

Iye ankangoseka, n'kukagwada pa macheka ake kunola mano amene anali atanola kale m'mawa.

Ine ndi Katsumi tinakulira limodzi m'chigwa chathu, kumpoto kwa tawuni ya Nayoro. Ine ndinatsala, ndinagwira ntchito ya positi mpaka kupuma. Iye anachoka atangomaliza sukulu. Anakwera maboti a nkhanu ku Wakkanai, anakaboola mapiri ndi anthu okonza misewu ku Honshu, kenako n'kumayendetsa malole a nsomba. Palibe kumene anatherako zaka zambiri. Anabwerera kumudzi mayi ake atadwala, ali ndi mkazi wake Sumie, wa kum'mwera ku Ehime, ndi kamwana kakakazi kumsana. Anatiuza kuti angokhala dzinja limodzi. Mayiwo anamwalira, mwana uja anakula n'kukakwatiwa kwawo kwa amake, tsitsi la Katsumi linachita imvi, koma nyimbo inali yomweyo.

"Chaka chamawa simundiona kuno. Chipale ichi n'cha inu, amene munabadwa opanda miyendo."

Poti miyendoyo sinkapita kulikonse, mtima wake wosakhazikika unkathera pa makina. Chinthu chikangozolowera dzanja lake, iye chinkamutopetsa. M'mawa wina anafika kunkhalango ndi macheka a injini achikasu amene sitinawaonepo.

"Ofiira aja ali kuti?" anafunsa a Tamotsu.

"Ndasinthana ndi mkulu wa ng'ombe wa kumtunda uja."

"Iwe, mutu wako uli bwino? Macheka olira ukangokoka chingwe kamodzi?"

"Ankalemera ngati thole. Awa tawanyamulani, Tamotsu-san, ngati supuni."

"Supuni sidula mtengo wa nara. Taliza timve."

Katsumi anakoka chingwe. Zii. Anakokanso, nakokanso, mpaka chipewa chinamugwa, thukuta likutuluka nthunzi pamutu.

"Ali ndi manyazi," anatero akupuma wefuwefu. "Sanakuzolowereni nkhope."

"Auze kuti nanenso ndine wamasiye, asaope," anatero a Tamotsu.

Analira patapita nthawi, utsi wabuluu kuti tolo, ndipo tsiku limenelo Katsumi anagwetsa mitengo yambiri kuposa ife awiri pamodzi, kungofuna kutitseka pakamwa.

Chinthu chimodzi chimene analephera kuchipeza chinali kalole koyera ka a Tamotsu. Kanali kakale kwambiri. Pansi pa mapazi a woyendetsa dzimbiri linali litaboola, mwini wake anaikapo thabwa, ndipo chitseko cha kumanzere tinkachimanga ndi chingwe. Koma pokwera chitunda cha kunkhalango sikankabwerera m'mbuyo. Katsumi ankakazungulira, akugogoda matayala ndi nsapato.

"Ndikupatsani makina anga ochotsera chipale, ndi matayala anayi pamwamba."

"Kalole aka kananyamula malemu mkazi wanga popita kukachira. Ukafuna kukakwera, kwera kumbuyo ndi nkhuni."

"Kakufa aka, inu. Tamvani mmene kakutsokomolera."

"Nanenso ndimatsokomola. Undisinthanitse ndi ndani?"

Nkhuni tinkadula zathu, ndi za nkhalamba za m'mudzi zimene sizikanathanso kugwira nkhwangwa. Chaka chimene ndikunenachi mwini nkhalango anatilola kupatulira mitengo ya nara kutsidya kwa kamtsinje. Kumeneko kulibe msewu. Umafikako dzinja lokha, chipale chikakwirira madzi n'kulimba ngati mlatho.

Tili pakati pa ntchitoyo ndinaona Katsumi akulephera kutsegula chitini cha khofi. Anavula magolovesi ndi mano. Zala zake zinali zoyera ngati makandulo, kuyambira kunsonga mpaka pakati.

"Zayamba liti zimenezi?" ndinamufunsa.

"Usayang'ane, Sada. Zimabwerera zokha."

Sumie atazindikira sanafunse zambiri, anamukokera kuchipatala ku Nayoro. Dokotala anati ndi kunjenjemera kwa macheka, kwa zaka zonsezo, ndipo akapitiriza zalazo zidzaferatu. Asiye.

Tinkaganiza kuti tsopano akhala kunyumba. Sabata isanathe tinamva chiphokoso chikukwera chigwa, ngati ndowa yodzaza misomali ikugubuduzika. Anatulukira pakati pa mitengo ali pa njinga yamoto ya pachipale, yakale, galasi lakutsogolo losweka, mpando womata ndi tepi, kumbuyo ikukoka chileyi chachitsulo.

"Macheka achikasu aja?" anafunsa a Tamotsu, asanapereke n'komwe moni.

"Apita. Dokotala analetsa kudula, sanaletse kukoka."

"Chimenechi sichinjenjemera?"

"Chili ndi zogwirira zotentha."

"Zikutentha?"

"Cha kumanja chokha."

A Tamotsu anatembenukira kwa ine. "Sada, munthu uyu tidzamuika m'manda akuthamanga."

Komabe njingayo inatithandiza. Ife tinkadula ndi kudulira, iye akukweza zipika pa chileyi n'kuwolokera nazo kumsewu kumene kalole kankadikira. Sankazimitsa injini, ati ikazima sidzukanso. Tsiku lonse ankangoti uku wapita, uku wabwera, akutikalipira kuti tikuchedwa.

"Mukudula kapena mukusema zidole?"

"Tsika udzadule wekha!"

"Ndikanakhala ndi zala, bwenzi nkhalango ino ili dambo."

Mwezi wa Malichi usanafike pakati, kunawomba mphepo yofunda ya kum'mwera. Tinadzuka madenga akudontha. Kunkhalango chipale chinkamata ku nsapato, ndipo ukaima pa kamtsinje paja unkamva madzi akulankhula pansi pa mapazi. Mulu waukulu wa nkhuni, nara wabwino kwambiri, unali ukadali kutsidya.

Katsumi anawoloka nazo kangapo m'mawa umenewo. Dzuwa litafika pamutu, a Tamotsu anabaya mlatho uja ndi ndodo, ndodoyo n'kulowa yonse.

"Basi. Zotsalazo zidikire dzinja likubwerali."

"Ziwole? Ulendo umodzi wokha."

"Katsu, ndati basi."

"Dzinja likubwerali ine kuno kulibe, Tamotsu-san. Mudzakoka ndi mano?"

Anakweza zipika mpaka chileyi chinalira. Anabwerera m'mbuyo kuti apeze liwiro, kenako anabwera ngati wathamangitsidwa. Njinga inawoloka, inafika ndithu tsidya lino. Chileyi ndi chimene chinaboola. Tinamva kuti bwa, chipale chonse cha pakati chinatitimira, ndipo kulemera kwa nkhuni kunakokera njinga chambuyo, mphuno m'mwamba. Katsumi anagwera chagada m'madzi akuda, zipika zikugubuduka pambali pake.

Madziwo sanali akuya, ankalekeza m'chifuwa, koma ankathamanga ndipo m'mbali monse munali moterera. Ndinamuponyera chingwe. Anachigwira, chinapulumuka. Anachigwiranso, chinapulumukanso. Zala zija sizinkatseka.

"Kulunga pamkono!" anakuwa a Tamotsu. "Pamkono, chitsiru iwe!"

Anakulunga, ndipo tinamukoka ngati thumba la mbatata mpaka pamtunda. Milomo yake inali yabii. Tinamuvula zonyowa, tinamuveka jasi langa n'kumukankhira m'kalole. Mawu ake oyamba, mano akugundana, anali akuti, "Mumange chingwe ku njinga. Ikagona m'madzi, injini yatha."

"Ife tikupita nawe kunyumba."

"Kamodzi kokha. Kalole aka kangathe. Si paja mumakatama?"

Sindidziwa chimene chinawagwira a Tamotsu, kaya ndi mawu amenewo kaya ndi nkhope yake. Anamangadi chingwe. Kalole kanabangula, matayala akupala matope, kenako m'kati monse munadzaza fungo la kilatchi yopserera. Njinga sinasunthe. Tinadula chingwe, ndipo tinatsika chitunda pang'onopang'ono.

Chibayo chinamugoneka m'chipatala mpaka kumapeto kwa mwezi. Tsiku lina ndinapita kukamuona ndipo ndinapeza Sumie atakhala pambali pa bedi, akusenda lalanje limene mwana wawo anatumiza. Sumie ndi munthu wa mawu ochepa. Zaka zonsezo anakhala akuchotsa chipale pakhomo ndi fosholo osadandaula, ngakhale kwawo chipale amachionera pa kanema. Analankhula ine ndili pomwepo, mwina dala.

"Bambo, ine ndikupita kwathu. Mlongo wanga wakalamba, munda wa malalanje ulibe wousamala, nyumba ilipo. Mwakhala mukunena kuti tichoke. Ndavomera. Tiyeni."

Ndinkayembekeza kuti Katsumi adumpha pabedi. Anayang'ana kudenga.

"Nanga njinga ija ili mumtsinje?"

"Ikhale momwemo."

"Nkhuni zili kutsidya. Agogo a kwa Ishizuka adzawotha chiyani?"

"Sada-san ndi Tamotsu-san alipo."

"Manda a mayi..."

"Ndawapalira zaka zonsezi ndine, si inu. Ndawatsanzika kale."

Anamuika chidutswa cha lalanje m'dzanja, n'kumupinda zala kuti chisagwe.

Atatuluka m'chipatala n'kupezako mphamvu, Sumie anakwera sitima yekha. Katsumi anati amutsatira akamaliza zina ndi zina. Zinazo sizinkatha. Chipale chinasungunuka, chigwa chonse chinasanduka matope, ndipo iye ankafika kwathu ndisanamwe n'komwe tiyi, n'kuima pakhomo osavula nsapato.

"Lowa."

"Ayi, ndikudutsa."

"Ukupita kuti?"

Ankazungulira mudzi, kusuzumira m'mashedi a anthu, kufunsa za makina amene analibe chosinthana nacho. Tsiku lina anandiuza, maso ali kumapiri, "Sada, konse kumene ndinapita ndinkadziwa kuti kuno kulipo. Ndikapita tsopano, ndizidzati ndikubwerera kuti?"

"Udzabwera kudzacheza."

"Kudzacheza," anabwereza, ngati ndamutukwana.

Madzi ataphwera, njinga ija tinaitulutsa ndi thirakitala ya mnansi, itadzaza mchenga. Katsumi sanaiyang'ane kawiri. Maso ake anali pa mulu wa kutsidya. Anagwetsa thabwa lalitali pa kamtsinje, anamanga chonyamulira kumsana, n'kuyamba kututa zipikazo chimodzichimodzi. Zimbalangondo zinali zitadzuka ku tulo ta dzinja, choncho anadzimangirira belu lozithawitsa m'chiuno, ndipo ukaima kumsewu unkangomva ngelengele akupita, ngelengele akubwera. A Tamotsu anapirira masiku angapo, kenako anatukwana n'kutenga chonyamulira chawo. Nanenso ndinatsatira.

"Amuna okalamba atatu kusanduka abulu," anadandaula a Tamotsu tikupuma. "Kilatchi yanga unapsereza, tsopano ukufuna msana."

"Kalole kanachira?"

"Kanachira. Kakuti kakakusiye kusiteshoni, kapume."

Katsumi anaseka, koma sanayankhe mwachipongwe monga kale. Tsiku limene chipika chomaliza chinawoloka, anachiwaza yekha ndi nkhwangwa, movutikira, n'kukasanja nkhunizo pakhonde la agogo a kwa Ishizuka. M'mawa mwake anafika kwa a Tamotsu ndi chikwama chimodzi. Anakana phwando, anakana kutsanzika mudzi. Tinapanikizana atatu m'kalole, ine pakati, iye atagwira chingwe cha chitseko. Njira yonse ankanena za mmene tinganolere tcheni ya macheka bwino, ati ife timanola ngati tikumeta mbuzi. Sitima itafika anakwera osacheuka, koma ndinamuona pawindo ataimirira, mipando ili yopanda anthu.

Dzinja lotsatira chipale chinagwa choopsa. Poyamba tinkakwera padenga la nyumba yake kukachigwetsa, koma msana wa a Tamotsu unakana, ndipo ine ndekha nyumba ziwiri zinandikulira. Mwezi wa Febuluwale denga linatitimira pakati, mtanda waukulu utathyoka.

Ndinazengereza, kenako ndinamuimbira foni. Kumbuyo kwake ndinkamva kainjini kakulira ndi mawu a Sumie akuitana wina.

"Katsu, nyumba yagwa."



"Yonse?"

"Denga. Makoma akupendama."

"Mitanda ija ndi nara, bambo anga anadula okha. Yauma bwino. Musaisiye iwole, Sada. Dulani, mugawire anthu."

"Ukunena zoona?"

"Koma muyang'ane misomali, ingakuthereni tcheni. Ndisiye kaye, madengu a malalanje akundidikira kumtunda."

Chipale chitachepa tinapita ndi a Tamotsu, tinazula misomali, tinadula mitandayo. Inali yolimba moti macheka ankatentha m'manja. Tinakweza m'kalole n'kuyamba kugawa kuyambira kumunsi kwa mudzi, khomo ndi khomo. Ena ankafunsa kuti nkhuni zouma chonchi tazipeza kuti nyengo ino, ndipo tikawauza ankazilandira ndi manja awiri.