Dzanja Lofika ku Khutu

Lero ndinali kuphunzitsa achinyamata ongoyamba kumene kulemba pulogalamu ya pakompyuta yosefa mndandanda wa ana. Mwana aliyense ali ndi dzina, mudzi ndi zaka zake, ndipo pulogalamuyo imasunga okhawo amene akwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi. Fungo la choko m'kalasimo linandibwezera kwathu ku Dowa, chaka chimene sukulu inayamba kukhala yaulere.

Tinadzaza bwalo, ambiri opanda makadi a kusikelo. Aphunzitsi ankangoti, "Dutsitsa dzanja pamutu, ugwire khutu." Wolephera ankabwerera kukaweta mbuzi.

Ndinadabwa kuti khutu lingadziwe bwanji zaka zanga. Ndinatambasula mkono mpaka phewa kuwawa, chala n'kungokhudza nsonga ya khutu lozizira.

Aphunzitsi anawerama kuti aonetsetse, kenako anaseka. "Wagwira, iwe. Lowa uko."