Ng'ombe yotchipa ya ku Edingeni

Ndikukumbukira chaka chimene bambo anga anadana ndi sikelo ya ku butchala. Tinali titangosamukira kumene ku Mzimba Boma kuchokera kwathu ku Ntchisi, iwo atawatumiza kukagwira ukalaliki mu ofesi ina ya boma, ndipo ine ndinali mu Sitandade 5. Loweruka lililonse mayi ankandituma kumsika kukagula nyama, theka la kilo. Ndikangofika, bambo ankamasula okha kanyuzipepala kokulungirako, fupa n'kuika apa, mafuta apo, kenaka n'kutiitana tonse kuti tidzaone kamnofu kotsalako. Tinkaima mozungulira mbale ngati tabwera kudzaona nkhope pamaliro.

"Dziko la ng'ombe lino," ankatero, "koma ife tikugula mafupa pamtengo wa nyama."

Bambo sanali munthu woumira, anali munthu wokonda kupulumutsa ndalama, ndipo kusiyana kwa ziwirizi ankakudziwa ndi iwo okha. Sopo ankagula wautali uja n'kumadula okha ndi ulusi. Mchere ankagula wa m'thumba, umene unkanyowa nthawi ya mvula mpaka kuuma gwaa, moti tinkachita kuuswa ndi mwala. Chilichonse chogula pang'onopang'ono kwa iwo chinali kuberedwa masanasana. Mayi anali atatopa kutsutsana nawo. Ankangoti, "Mwatero, bambo a Chisomo," n'kupitiriza zimene akuchita. Chisomoyo ndine.

Amene anawapatsa nzeru ya ng'ombe, mosadziwa, anali a NyaShaba. Anali mayi wachitsikana, wamtali, wochokera kumidzi ya kuseri kwa Edingeni, ndipo ankayenda khomo ndi khomo ndi beseni la tomato ndi mpiru pamutu, mwana kumbuyo. Analibe dzino limodzi lakutsogolo, choncho akamaseka ankatseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje, komatu ankaseka pafupipafupi. Mayi, amene pa Chitumbuka chonse ankangomvapo yewo yekha, anapeza mnzawo wocheza naye. Beseni linkatsitsidwa pakhonde pathu, tiyi n'kubwera, ndipo ine ndinkasankha nyemba chapafupi, makutu ali tcheru.

Ndi pakhonde pomwepo pamene ndinamva za dzino lija. Anawagulula ndi amuna awo. A NyaShaba anali atathawa kubanja ndipo ankakhala kwa azakhali awo kuseri kwa msika. Koma kumeneko kuthawa sikuthetsa ukwati. Pokwatiwa, akuchimuna anapereka ng'ombe za lobola, ndipo akuluakulu a mbali zonse ziwiri atakhala pansi anagamula kuti popeza anabereka mwana, akuchikazi abweze ng'ombe imodzi yokha anthu akatha kukolola. Ikapanda kubwezedwa, mkazi abwerere kwa mwamuna wake. M'khola la bambo awo a NyaShaba munali mutatsala imodzi yomweyo, zina zonse zitafa ndi matenda.

"Ikangopita ng'ombe yija, amama, mbwenu ine ndamasuka," ankatero, akusisita mutu wa mwana.

Mayi ankangopukusa mutu. Kwathu ukwati ukatha mwamuna amanyamula bulangete lake ndi njinga n'kuona msewu, palibe chobweza. Zoti moyo wa munthu ungadikire chiweto zinkawamvekera zachilendo, ndipo ndikukhulupirira kuti sanazifotokoze n'komwe kwa bambo, amene nkhani za pakhonde ankaziyesa miseche ya amayi.

Tsiku lina bambo akuweruka anawapeza a NyaShaba akunyamuka, ndipo anawafunsa kuti kodi kumudzi ng'ombe yamoyo imapita pa zingati. Atamva yankho anaima chilili, milomo ikuyenda yokha. Madzulo amenewo tinamva masamu mpaka kukhuta. Munthu akagula ng'ombe yathunthu, kilo imatsika kufika pa theka la mtengo wa ku butchala, ndipo mutu, mang'ina, zam'kati ndi chikopa zimangokhala basela. Anakopa anzawo awiri a ku ofesi kuti asonkherane. Gawo la bambo, limene linali lalikulu, analipeza posonkhanitsa ndalama ya ndiwo, ya shuga ndi ya sopo ya miyezi ingapo yakutsogolo. Mayi atafunsa kuti nanga nyama yonseyo tidzaisunga pati popeza firiji tinalibe, bambo anati makolo athu analibe firiji koma sanafe.

Ananyamuka Loweruka m'mamawa, chimanga chitangoyamba kuuma m'minda, ndipo anabwerako masana pa kagalimoto kahayala, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Sindinawaonepo bambo akusangalala choncho. Asanatsike n'komwe anali atayamba kale kufotokoza. Akuti atangofika pa sitolo za ku Edingeni anakumana ndi mnyamata wovala jekete lachikopa, amene atamva kuti akufuna ng'ombe anawatengera kumudzi kwawo mwamsangamsanga. Mnyamatayo anatchula mtengo, bambo n'kudula, iye n'kuvomera. Anadulanso, iye n'kuvomeranso, maso ali kumsewu. "Anthu akuno ng'ombe ali nazo, koma malonda sadziwa," anatero bambo, akutsitsa chidebe cha chiwindi. Anaiphera konko pansi pa mtengo. Anzawo aja anatenga mwendo mwendo n'kupita, zotsala zonse zinatsikira pakhomo pathu, pakuti bambo sakanasiya ngakhale mchira wa chinthu chimene alipira.

Pakhomo panasanduka butchala. Fungo la nyama yaiwisi linalowa m'zipinda, ntchentche zobiriwira zinachokera kosadziwika, ndipo agalu a m'nyumba zonse za boma anadzakhala pamzere kunja kwa mpanda, aulemu ngati odikira dokotala. Mayi anayang'ana mulu wa nyamawo n'kugwira m'chiuno. Moyo wawo wonse anali asanasamalepo yoposa nkhuku. Ndiye anandituma kuti ndithamange kukaitana a NyaShaba, iwo okulira pa ng'ombe.

Anabwera akuseka, n'kumanga mwana bwinobwino kumbuyo, n'kunola mpeni pa simenti ya khonde. Manja awo ankadziwa ntchitoyo. Ankacheka nyama m'mizere yaitali yopyapyala, ine n'kumapaka mchere, mayi n'kumayanika pa waya wa zovala, ina n'kumaiwamba pa moto wa zitsononkho. Utsi unkatilowa m'maso, mafuta akuchita chwee pamakala. Anandiotchera kachiwindi n'kundipatsa pa nsonga ya mpeni. Anawasekanso bambo kuti tsopano asanduka Mngoni, kwangotsala chibonga. Bambo anasangalala nazo zedi.

Dzuwa litapendeka kunatsala mutu, umene unali m'bafa lachitsulo kuseri kwa khitchini, utavundikiridwa ndi chiguduli. Mayi anati sadziwa poyambira. A NyaShaba anapukuta manja, n'kuwerama, n'kuchotsa chigudulicho.

Sanakuwe. Anangokhala pansi pafumbi, miyendo tambalale, ngati munthu amene wayenda ulendo wautali. Mutuwo unali wofiirira, wa banga loyera pamphumi, nyanga imodzi yopindikira pansi, khutu lakumanzere long'ambika. Anagwira khutu lija n'kumalisisita ndi chala.

"Adada, mwagula kwa njani?" anafunsa motsitsa mawu.

Bambo anafotokoza za mnyamata wa jekete, za mudzi wa pafupi ndi dambo, za khola limene linali pansi pa mtengo wa mkuyu. Ankafotokoza mawu akucheperachepera, chifukwa nawonso anali ataona nkhope ya mayi.

"Ni mdumbu wane uyo, mlongo wanga," anatero a NyaShaba. "Amafuna ya thiransipoti ya ku Joni. Khutu ili linang'ambika ndi waya, ndinatsuka ndine."

Nyama inali lende pa waya kuyambira pakhonde mpaka kuchimbudzi, ikudontha pang'onopang'ono. Mayi anawakokera bambo pambali n'kuwauza m'mawu ochepa zimene ine ndinkazidziwa kalekale posankha nyemba. Ndinaona bambo akuvula chipewa, n'kuchivalanso, n'kuchivulanso. A NyaShaba anadzuka, nasasa fumbi, natenga mpeni n'kumaliza kusenda mutu uja, poti ntchito anali ataiyamba ndipo nyama sidikira. Chimenecho chimandipweteka mpaka lero kuposa kulira kumene akanalira.

Bambo anayesetsa, zimenezo ndiwachitire umboni. M'mawa mwake sanapite kutchalitchi, anakwera galimoto kubwerera ku Edingeni. Anapeza mnyamata uja atanyamuka kale, ndipo bambo ake okalamba, amene dzulo lake anali kumaliro kumudzi wina, atangokhala pakhomo pa khola lopanda kanthu. Bambo anafunsa mtengo wa ng'ombe ina m'midzi yoyandikana. Koma mbiri inali itawanda kuti kalaliki wa ku boma wapanikizika, ndipo anthu aja osadziwa malonda anatchula mitengo imene inawaumitsa pakamwa. Anzawo a ku ofesi anati iwo anagula nyama, sanagule mlandu. Ndalama zathu zonse zinali pa waya. Bambo anapempha kuti akuchimuna adikire mpaka kumapeto kwa chaka, koma iwo anati tsiku linagamulidwa pamaso pa akuluakulu, ndipo sanaone chifukwa chomvera mlendo amene sizikumukhudza.

Ndiye tinadya. Nanga tikanatani? M'nyumba munalibe ndiwo ina, munalibenso ndalama yogulira ina. Tinadya yowamba, yofutsa, yothira nsinjiro, ya msuzi wa tomato. Ndinene zoona, inali yokoma, ndipo azing'ono anga ananenepa mpaka aphunzitsi kufunsa kuti kwanu kwagwa chiyani. Masamu a bambo anakhoza ndithu: kwa miyezi iwiri palibe wa pakhomo pathu anaponda ku butchala. Koma mwini masamuwo anayamba kudandaula kuti nyama ikuwapweteka mano. Ankapempha mayi kuti awaphikire chisoso cha kuseri kwa nyumba, ndipo ankadya chete, osatiuzanso kuti lero tapulumutsa zingati.

Anthu atatha kukolola, uthenga unabwera kuchokera kwa bambo awo a NyaShaba kuti abwerere kubanja. Azakhali awo sakanawasunga motsutsana ndi chigamulo. Anabwera kudzatsanzika m'mawa wina, opanda beseni, atavala chitenje chatsopano, kachikwama m'manja. Anakhala pakhonde pamalo pawo pa masiku onse, koma tiyi anali wopanda shuga.

Mayi sakanalola mnzawo kupita chimanjamanja. Analowa m'nyumba ine ndikuwatsatira, n'kutsegula kabati. Munalibe shuga, munalibe sopo, munalibe ngakhale kabotolo ka mafuta. Anayang'ana m'chipinda, anayang'ana pamwamba pa kabati. Chinthu chokhacho chimene nyumba yathu inali nacho chochuluka chinali m'dengu lopachikidwa kudenga la khitchini. Anaima nthawi yaitali, kenaka anatapa mizere ingapo youma n'kukulunga m'nyuzipepala. Anatuluka mpaka pakhomo. Anangoima ndi phukusilo pachifuwa, misozi ikutsika, osatha kulipereka, osathanso kubwerera nalo.

A NyaShaba anadziwa chimene chinali m'katimo, fungo silibisika. Anatambasula manja onse awiri.

"Bweretsani, amama, ndapota. Yewo chomene." Analiika m'kachikwama n'kutseka zipi. "Nkawaphikira. Mbwenu ng'ombe yawo ndawabwezera."

Anaseka, koma tsiku limenelo sanatseke pakamwa. Tinawaperekeza mpaka pokwerera minibasi, ndipo sitinawaonenso. Chaka chotsatira bambo anawasamutsira ku Salima.

Lero ndili ndi banja langa, ndipo ndine mwana wa bambo anga: nyama ndimagula yambiri nthawi imodzi. Kuntchito tili ndi gulu la amayi, timasonkherana pa foni, wa ku famu n'kutibweretsera yodulidwa kale m'mapepala apulasitiki, aliyense dzina lake pamwamba, n'kungoponya mufiriji. Ndi yotchipadi. Imabwera yopanda mutu, yopanda chikopa, ndipo palibe amafunsa kuti inali ya yani. Ndimamvanso kuti masiku ano atsikana ambiri a kumeneko sadikira ng'ombe, zikafika povuta amapita kukhoti kapena amangokwera basi, akuluakulu n'kutsala akugamula okha. Ndikamva zimenezo ndimasangalala, kenaka ndimawerengera zaka. A NyaShaba, ngati ali moyo, tsopano ndi mayi wa zidzukulu, ndipo sindidziwa kuti mano anatsala nawo angati.