Manja a Agogo Kumwenda

Fungo la guluu womatira machubu likandipeza, ngakhale pa depoti pakati pa utsi wa maminibasi, ndimaona agogo Kumwenda atakhala pa chitini pakhonde pawo ku Chibavi, kumpoto kumene tinkakhala, beseni la madzi akuda lili pakati pa miyendo, akufufuza pamene chubu chabooka. Sanali agogo athu enieni. Ife tinachokera ku Machinga, bambo ankagulitsa nsalu mumsika, ndipo nyumba yathu inkayang'anizana ndi yawo.

Mlongo wanga wamng'ono, Yusufu, sankatha kukhala pansi. Chigayo chapafupi chikalira ankatseka makutu n'kumadzimenyetsa kukhoma, juzi ankaivula ngakhale mu Juni nkhungu itakuta paliponse, ati imamuluma. Aphunzitsi ake anauza amayi kuti akapitiriza kudumphadumpha m'kalasi asabwerenso. Amayi analira pakhonde, agogo Kumwenda n'kumva.

"Mama, muzindibwereka mwanayu m'mawa asanapite kusukulu," anatero. "Ali ndi nkhongono chomene, zikungosowa kolowera."

Kuyambira pamenepo, ine ndikamatsuka mbale m'madzi ozizira mpaka zala kuchita dzanzi, Yusufu amakhala ali kutsidya kwa msewu akugubuduza chitayala cha lole kukwera nacho chitunda, akupopa njinga za akabaza mpaka thukuta, kenako akulendewera pa chingwe chimene agogo anamumangira pa mtengo wa mapeyala. Akamaliza, agogo ankamukhazika pa benchi n'kumamukanikiza mapewa ndi manja awo okhakhala aja, pang'onopang'ono, mpaka mwana azipuma ngati wagona. Anamupatsanso kachidutswa ka chubu koti azikakoka m'thumba akakhala m'kalasi.

Zinkandiwawa. Ine mayeso ndinkakhoza, yunifolomu ndinkachapa ndekha, sindinaswepo ngakhale kapu, koma palibe anandimangirapo chingwe. Yusufu akangokhala chete pang'ono akulemba, amayi ankaitana bambo kuti adzaone. Ine ndikakhala nambala wani ankangoti, "Iwe timakudziwa kale."

Loweruka lina ndinawoloka msewu n'kukagwira chingwe chija. Agogo anadzutsa mutu.

"Asiyatu, wawuka uli? Akutuma amama?"

"Ayi. Inenso ndikufuna."

Anandilola. Ndinalendewera, ndinagubuduza tayala mpaka linandigwera paphazi, kenako ndinakakhala pa benchi kudikira manja aja. Sanabwere. Chigayo chinali chitalira, ndipo agogo anali atathamangira kale kwa Yusufu.

"Nanga ine bwanji simundigwira mapewa?" ndinafunsa misozi ili lengelenge.

"Iwe thupi lako limakumvera, mwana wane," anayankha osandicheukira n'komwe. "Uyu lake limamuthawa."

Ndinabwerera kwathu ndikutsimphina, ndipo sindinawapatsenso moni mpaka sukulu inatsekera. Chimene chinandipweteka kwambiri n'choti iwo sanazindikire n'komwe kuti ndawakwiyira.

Yusufu sanachotsedwe sukulu. Lero amawotcherera zitsulo, ndipo amatha tsiku lonse maso ali pa ntchito imodzi. Agogo atadwala komaliza anaitanitsa iyeyo, ndipo pamaliro achibale awo anamukhazika pamodzi ndi zidzukulu. Ine ndinakhala kumbuyo ndi anthu ena apamudzi.

Tsopano ndili ndi mwana wamkazi, Halima, amene phokoso la mumsika limamusokoneza mpaka kudzigwetsa pansi. Ndayesa zonse zimene ndinkaonera patali zija, koma manja anga amachita phuma, mwana n'kumangopulumuka. Zikandikanika ndimaimbira foni Yusufu. Amabwera ali mu ovolosi, amamunyamulitsa Halima chidebe cha madzi kuzungulira nyumba, ndipo posakhalitsa mwana amakhala phee pamiyendo pa amalume ake. Ndimathokoza Yusufu kuti yewo, n'kumuthirira tiyi. Koma ndikawayang'ana awiriwo, ndimanyamuka kupita kukhitchini ngati ndaiwala shuga.